Ulemu kwa a Nyongolotsi

Mwezi wa Januwale chaka chilichonse, mumzinda wa Edison ku New Jersey m'dziko la America, anthu amalipira pakhomo kuti akaone ntchentche zabodza. Mu Febuluwale anzawo a ku England amasonkhana ku Stafford pa nkhani yomweyo. Ndi zionetsero zamalonda zenizeni, matebulo ali ndandanda, ogulitsa akuitanira. Katundu wake ndi mbedza yovekedwa nthenga, ubweya ndi ulusi kuti ifanane ndi kachilombo kouluka, nsomba ipusitsike. Bambo wamkulu ndi ndevu zake amakhala pansi pa nyale, magalasi ali pamphuno, kukulunga nthenga ya tambala pa mbedza, khamu litamuzinga lili duu.

Zimenezi zimandiwawa chifukwa cha mkulu wina wa kwathu kuno amene wagwira ntchito yomweyo kuyambira makolo athu asanakhazikike ku Mkaika, koma dzina lake silimveka pa chionetsero cha zaulimi ku Chipata, ngakhale pa chachikulu chija cha ku Lusaka. Ndikunena a Nyongolotsi, eni nthaka, nduna ya nyambo zonse.

Tiyambe ndi kudzichepetsa kwawo. Maso alibe, choncho sasirira cha mnzawo. Makutu alibe, miseche ya pamjigo imangowadutsa pamwamba. Mano alibe, sanalumepo munthu. Ngakhale mapapo sanafune kuvutitsa nawo Mlengi: amapuma ndi khungu, ndipo khunguloli likauma basi kwawo kwatha. Kumutu ndi kumchira n'kovuta kusiyanitsa, ngati malonjezo a nthawi ya kampeni, koma iwo eni ake amadziwa kumene akupita. Pa nkhani ya banja ndiye anatiposa kutali. Nyongolotsi iliyonse ndi yaimuna komanso yaikazi. Ziwiri zikakumana usiku wa chinyontho, zonse zimakaikira mazira. Za chikamwini kapena chitengwa kulibe, wonena kuti ana ndi a kuchikazi kulibe, ndipo ankhoswe kumeneko akanafa ndi ulova.

Wina angati ndikutama chinthu chimene anthu ophunzira sangachiyang'ane kawiri. Pepani. Charles Darwin, yemwe uja wa nkhani ya chiyambi cha zamoyo, anatha zaka zoposa 40 akufufuza a Nyongolotsi. Anayamba kulemba za iwo mu 1837, ndipo buku lake lomaliza, lotuluka mu 1881 kutatsala miyezi yochepa kuti amwalire, ndi la iwowa. Anawaimbira wezulo, anawalizira piyano kuti aone ngati amamva. Iwo phee, osatekeseka, mpaka mphika umene anali kukhalamo utaikidwa pa piyano penipenipo, pamene anamva kunjenjemera n'kuthawira pansi. Iye anawerengera kuti m'madera ambiri a ku England dothi loposa matani 10 pa ekala imodzi limadutsa m'mimba mwa nyongolotsi chaka chilichonse. Amameza dothi ndi masamba owola, kumbuyo n'kutulutsa manyowa. Timauna tawo ndi timene mvula imalowera pansi m'malo mokokolola mizere. Ndi mlimi uti wa ku Sinda amene amagaula usiku wonse, kuthira yekha manyowa, osapempha thumba la feteleza, osalembetsa ku kopaletivu, osafunsa za ganyu?

Koma ulemerero wawo weniweni uli kudamu. Pofika Okutobala, Katete atauma gwaa, mitsinje yatsala maiwe okhaokha, a Nyongolotsi amakhala atatsikira pansi n'kudzipinda kudikira mvula. Apa mpamene mnyamata wa sukulu amaonetsa nzeru zimene aphunzitsi sanazionepo m'kalasi. Amadziwa kuti akawapeza patsinde pa nthochi kudimba, m'ngalande ya madzi otayikira pamjigo, kapena kuseri kwa bafa. Khasu kawiri katatu, awo ali m'chitini, dothi lonyowa pamwamba. Zida zina n'zosavuta: kansungwi, chingwe, mbedza ya kugolosale, ndi kachidutswa ka patapata koyandama. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata amene sangakhale chete mphindi zisanu m'tchalitchi amakhala tsiku lonse maso ali pa kachidutswako.

Ndiye taganizani za nsembe imene mkuluyu amapereka. Ntchentche ya nthenga imapita m'madzi n'kubwerako, mwini wake n'kuiumitsa, kuibwezera m'kabokosi kokongola. A Nyongolotsi ulendo wawo ndi umodzi. Mbedza imalowa m'thupi, iwo n'kumavinabe pansi pa madzi kuitanira mlamba, osadandaula. Madzulo banja likamatsuka m'manja, woyamikiridwa amakhala mnyamata, woyamikiridwa amakhala mayi amene anakazinga bwino ndi tomato. Amene anafera ndiwozo satchulidwa.

Komanso ndi nyambo yopanda mlandu. Mu June 2009 mnyamata wa ku America woimba chitoliro, Edwin Rist, anathyola nyumba yosungiramo zachilengedwe ku Tring, ku England, n'kuba zikopa za mbalame 299, zina zosonkhanitsidwa zaka zoposa 100 zapitazo, kuti azigulitsa nthenga zake kwa omanga ntchentche zabodza. Ena mwa ogulawo sawedza n'komwe, amangomanga zoti anthu aziona. Kodi munamvapo munthu atamangidwa ku Vubwi chifukwa cha nyongolotsi? Mlandu waukulu umene ungabuke ndi wokumba pafupi kwambiri ndi nthochi za agogo.

Tisawanamizire eni ntchentche, luso ali nalo, ndipo n'lakale: wolemba wina wachiroma, Aelian, anafotokoza cha m'ma 200 AD mmene anthu a ku Macedonia ankawedzera ndi ubweya wofiira ndi nthenga za tambala. Ntchentche zambiri zogulitsidwa ku Ulaya ndi ku America lero zimamangidwa ndi manja a anthu a ku Kenya, ndipo mabanja akudya nazo. Koma nsomba imene nthengazi zinapangidwira makamaka, ija amati trout, ndi ya madzi ozizira oyera mbee. Atsamunda anachita kuibweretsa ku Nyasaland n'kuiika pamwamba pa phiri la Zomba ndi ku Nyika. M'damu la kwathu, momwe ng'ombe zimamwa zitalowetsa miyendo yonse, singagone. Mwini madzi athu ndi mlamba, ndipo mlamba za kukongola alibe nazo ntchito. Amasaka m'matope ndi ndevu zake, kutsata fungo ndi kakomedwe. Nthenga ya pikoko ikoma chiyani?

Chinanso chimene sindidzachimvetsa: ambiri mwa anzathu a nthengawa akagwira nsomba amaijambula chithunzi n'kuibwezera m'madzi. Yesani kufika pakhomo ku Katete dzuwa litalowa, nsima ili pamoto, n'kuwaonetsa mayi a ana chithunzi cha ndiwo pafoni.

Zofooka ali nazo, sindibisa. Amaterera m'manja, ndipo chitini chawo chikaiwalika kunsi kwa bedi masiku angapo nyumba yonse imasamuka. Sasankhanso alendo: matemba amawadyera m'mbali n'kusiya mbedza yokha, nkhanu imawakoka ngati ndi nsomba ya makilogalamu, mtima wa munthu n'kugunda pachabe. Koma ayerekezeni ndi opikisana nawo. Neti ya udzudzu, imene a zaumoyo anapereka kuti mwana asadwale malungo, ikalowa m'dziwe imasesa zonse mpaka tiana ta dzulo. Katupe ndiye amapha ndi achule omwe. A Nyongolotsi amatenga nsomba imodzi pa ulendo, ndipo imabwera yokha mwa kufuna kwake. Boma likatseka usodzi m'madzi ambiri a dziko lino kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, iwo sakangana ndi a Fisheries. Ndi nthawi ya mvula, amabwerera kumunda kukagwira ntchito yawo inayo. Kapenta wa ku Siavonga ndi ku Mpulungu amafuna ndalama, nsomba zouma za ku Cahora Bassa zodzera pa Chanida zimafuna ndalama, koma mlamba wa kudamu mtengo wake ndi thukuta la khasu basi.

Mbewa n'zimene zatchuka m'chigawo chino. Zimaima pa timitengo m'mbali mwa msewu wa Great East, mabasi n'kumaima, anthu a ku Lusaka n'kumatiseka nazo. Ndilibe nazo chifukwa, ndimadya. Koma pofuna mbewa zomwezo, kukangokolola, minda imayatsidwa moto, mapesi onse n'kusanduka phulusa, nthaka n'kutsala yambee padzuwa la chilimwe. Mapesi amenewo ndiye chakudya ndi denga la a Nyongolotsi. Inu achimwene osaka mbewa ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, kumbani mauna mmene mungathere, tcherani misampha, koma machesi asiyeni kunyumba.