Rozi Yanuyo Ndi Yokwera?

Bambo wina anaimika galimoto pomwe amagulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa msewu ku Lilongwe, n'kuloza rozi ya m'chubu.

"Achimwene, imeneyi ndi yokwera?"

"Kwambiri, bwana. Yakwera dzulo, ndipo mukachedwa ikweranso Lolemba."

Mbande zikakhala m'chubu zimafanana zonse. Iceberg, rozi yoyera imene Kordes anatulutsa ku Germany mu 1958, ndi yachitsamba, koma mu 1968 ku England kunapezeka inzake yokwera, ya maluwa omwewo. Ngati pali kapepala ka dzina, werengani. Apo ayi, idikireni zaka ziwiri kapena zitatu. Yokwera imaponya nthambi zazitali kuposa munthu, zoweramira pansi.

*

Agogo atafika kwa mdzukulu wawo ku Zomba anaona rozi itamangidwa ndi zingwe kumpanda.

"Yalakwanji imeneyi?"

"Ndi yokwera, agogo. Tikuithandiza."

"Ha! Dzungu langa kumudzi lakwera nkhokwe lokha, popanda wolipempha. Zam'tauni n'zaulesi mpaka maluwa omwe?"

Agogo sananame. Rozi ilibe timanja topota ngati ta dzungu, ndipo sizenga mtengo ngati nyemba. Imangokola ndi minga, kwinako mumange nokha. Nthambi mukazigoneka chopingasa m'pamene zimatulutsa mphukira zambiri zamaluwa.

*

Dona wina ku Namiwawa anadandaula kuti rozi yake yatha zaka zinayi osafika ndi pawindo pomwe.

"Anandinamiza, si yokwera iyi."

"Ayi dona, imayesetsa ndithu," anatero mnyamata wosamalira maluwa. "Chaka chilichonse imafuna kuthawira kudenga, koma ikafika Julaye ndimaigwira msanga, n'kuidula m'mawondo ngati zinzakezi."

Kudula kotero n'kwa rozi yachitsamba. Yokwera mumasiya nthambi zikuluzikulu, n'kufupikitsa zam'mbali zokha.

*

Mkulu wina anaitana alamu ake kuti adzaone zodabwitsa. Rozi yake yachikasu inali itatulutsa nthambi imodzi yaitali zedi, ndipo iye ankaithira manyowa a nkhuku mosaumira. Itachita maluwa, anali ang'onoang'ono, ofiira.

Alamuwo anafukula patsinde, n'kupeza kuti nthambiyo yachokera pansi pa mfundo yomwe anamezanitsira.

"Alamu, pepani. Mwanayu mwamulera bwino, koma si wanu."

Nthambi yotere ndi ya tsinde la rozi ina limene anamezapo yachikasuyo. Ithothoreni pomwe yatulukirapo, chifukwa mukaisiya imalanda chakudya chonse.

*

M'mawa wina mlonda anagogoda akumwetulira.

"Bwana, mkangano wanu ndi amayi uja watha. Rozi yakuseri ija ndi yokwera."

"Mwadziwa bwanji, madala?"

"Kunabwera wakuba usiku. Mwiniwake wathawa, koma theka la buluku lake lili pamwamba penipeni pa mpanda."

"Nanga inu munali kuti?"

"Ndimaonerera, bwana. Ntchito ikamayenda bwino sitisokoneza."