M'bindikiro wabwino ndi wa mnzako

Pa 14 Epulo 2020 boma la Peter Mutharika litalengeza kuti dziko lonse likhala pa m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 chifukwa cha kolona, ku Migowi m'boma la Phalombe aliyense anasanduka katswiri wa miliri. Wakabaza, wogulitsa matemba a ku Chilwa, wosoka nsapato, onse anali ndi maganizo, ndipo ankawafotokoza atathithikana pa benchi imodzi.

Ambiri sankadana nawo m'bindikirowo, bola ugwere wina. Mayi wa zitumbuwa ankati atseke mabala, poti kolona amayenda ndi zidakwa. Mwini bala ankaloza matchalitchi, kumene anthu amaimba kukamwa kuli yasaa. Mkulu wampingo ankati vuto ndi obwera ku Joni ndi odutsa njira zachidule za ku Mozambique, osatchulako kuti chimanga cha m'nyumba mwake chinadzera komweko pa njinga. Ovomereza ndi mtima wonse anali apantchito za boma, chifukwa malipiro sabindikira. Sukulu zinali zitatsekedwa kale pa 23 Malichi, ndipo aphunzitsi ena chaka chimenecho anakolola okha osalemba aganyu.

Funso la wakabaza ndi lomwe linasowa woyankha. Akuti anthu azitalikirana mita imodzi. Nanga iye kasitomala amukhazike pati, pa njinga yachiwiri?

Mkangano sunafike pa chimake. Pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, woweruza wa khoti lalikulu Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso choimitsa m'bindikirowo pa pempho la a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC, omwe ankadandaula kuti boma likutsekera anthu m'nyumba lisanakonze zoti adye. Boma linadzalonjeza K35,000 pa mwezi, koma kwa mabanja a ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. A ku Phalombe ndalamayo anangoimva pa wailesi, n'kuzindikira kuti njala ya m'tauni ndi yomwe ili ndi dzina m'kaundula.

Kenako kunabwera kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni. Munthu yemwe m'mawa wakana kukupatsa dzanja, n'kukutambasulira chigongono mwaulemu, masana umamuona pa lole ya chipani atapanikizana ndi anzake ngati matumba a nandolo. Kolona, zikuoneka, ankaopa nsalu ya chipani.

Mu Ogasiti masiki anakhala lamulo, chindapusa K10,000, ndipo matelala a ku Chiringa anadalitsika ndi zidutswa za zitenje. Masikiwo ankakhala pachibwano. M'minibasi kondakitala ndiye anali nduna ya zaumoyo: akaona apolisi patsogolo ankangoti "masiki, makolo!", onse n'kukweza, wopanda n'kubwereka mpango wa mayi woyandikana naye. Akadutsa, onse n'kutsitsa kuti apume.

Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi matendawa. Sabata imeneyo ku Migowi masiki anakwera mpaka pamphuno popanda kondakitala kukuwa, ndipo mpondagiya wa pakhomo la golosale, yemwe anali atauma kalekale, wina anamuthiramo madzi.