Kagawidwe ka Chimfine Mosakondera

Kuli anthu ena ouma mtima amene akadwala chimfine amadzitsekera m'nyumba n'kudwala okha, ngati kuti matendawo anagula ndi ndalama zawo. Khalidwe limeneli si lakwathu. Ife tinaleredwa kuti kanthu kakapezeka, kachepe bwanji, timagawana. Tsono poti June wafika ndipo chiperoni chayamba kale kuwaza ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndati ndikuthandizeni inu amene pakhosi payamba kuyabwa, kuti mphatso yanuyo ifikire aliyense.

Dziwani kaye chimene mwanyamula. Sindikunena kachimfine ka mamina kamene munthu umapita nako kudimba. Ndikunena fuluwenza, uja amagwetsa bambo wandevu zake pamphasa, thupi lili juu, mfundo zonse zikuphwanya ngati wakumana ndi achifwamba. Bungwe la WHO limati chaka chilichonse amagwira anthu pafupifupi 1 biliyoni, ndipo pakati pa 290,000 ndi 650,000 amatsikira naye kulichete. Choncho musadziderere. Mwalowa m'bizinesi yaikulu.

Ubwino wake, kachilomboka sikafuna kuti mukhetse thukuta. Mukayetsemula, madontho akuluakulu amagwa pansi asanapitirire mita imodzi kapena awiri. Amenewo ndi aulesi, amangofikira woyandikana nanu. Akatswiri enieni ndi timadontho tosaoneka ndi maso timene timatuluka mukamalankhula, mukamaimba, ngakhale mukamangopuma. Timeneti timayandama m'mwamba ngati utsi wa nkhuni zaziwisi m'khitchini yopanda zenera. Amene anaphikapo m'khitchini yotere akudziwa kuti utsi susankha wokhala pamafuwa. Umakalizanso ndi mlendo amene wadzibisa pakona. Ndipo mukhoza kuyamba kugawa kutatsala tsiku limodzi kuti inu mwini mudziwe zoti mwadwala, n'kupitiriza kwa masiku 5 mpaka 7.

Luso limeneli ndinaliphunzira Lolemba lina m'minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Zomba. Tinathithikana anayi pampando wa atatu, mazenera onse ali gwa, magalasi atachita nthunzi moti kamwana kena kankajambulapo nyumba ndi chala. Kumbuyo kwanga kunakhala bambo wina wa jekete ziwiri. Tisanafike pa Namadzi anali atayetsemula kanayi, ndipo kachitatuko ndinakamva m'khosi, kofunda bwino. Mtsikana wina anakankha zenera pang'ono, mwina zala ziwiri basi. Minibasi yonse inamudzukira.

"Iwe, tatseka apo! Ukufuna tidwale chimfine?"

Anatseka, n'kupepesanso. Lachitatu lake ine ndinali pabedi, mabulangete awiri, ndikuitana mayi anga amene ali ku Ntcheu.

Mawu amenewo, oti mphepo ndiyo imadwalitsa, muwasunge ngati mbewu. Zenera lotsekula limatulutsa katundu wanu yense panja, mphepo n'kumumwaza m'minda ya anthu mmene mulibe mphuno. Mukaona wina akuligwira, fuulani inuyo woyamba.

Koma mdani wanu weniweni ndi kansalu kaja, masiki. Kuipa kwake n'kwakuti ikakhala pankhope ya wodwalayo imakola madontho akadali pakhomo, asanaume n'kupepuka. Ya N95, ikagwira bwino nkhope, imatchinga tinthu 95 mwa 100 tilitonse. Yabuluu yakuchipatala imasiya mipata m'masaya, komabe imawononga malonda. Yachitenje, imene anasoka telala wa pamsika kuti ifanane ndi diresi, ndiyo yofooka, koma nayonso ili ndi nsanje. Palibe imene imatseka zonse, zikomo kwambiri, koma iliyonse imachepetsa gawo la anzanu.

Musataye mtima. Mankhwala ake tinawapeza kale mu 2020, pamene boma linaika chindapusa cha K10,000 kwa wosavala masiki chifukwa cha Covid-19. Apo m'pamene tinazindikira kuti masiki ntchito yake ndi kudutsira rodibuloko. Kondakitala akangoti "masiki, masiki, abwana ali patsogolopa!" aliyense ankafwanthula m'thumba kena kake kakuda bii, kosakanikirana ndi makoko a mtedza, n'kupachika. Kungodutsa, onse vuu. Tsatirani mwambo womwewo. Ngati mwakakamizika kuvala, ivalitseni chibwano. Sindinamvepo chibwano chikudwala chiyambireni, umboni woti njirayi imagwira ntchito. Kapena phimbani kamwa lokha, mphuno muisiye panja ipitidwe mphepo, ngati munthu womanga khola lonse n'kusiya chipata chosatseka. Mukafuna kulankhula, itsitseni kuti mawu amveke, n'kusendera pafupi. Ndipo kuyetsemula kukamabwera, chotsani msanga. Masiki ndi ndalama, isade.

Musaganize kuti nzeru zimenezi n'zathu zokha. Mu 1918 kunagwa fuluwenza amene anapha anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse, ndipo anafika mpaka kuno dziko lidakali Nyasaland. Mzinda wa San Francisco ku America unalamula kuti aliyense avale masiki. Ena anazibowola pakati kuti ndudu izilowa. Pofika January 1919 anali atakhazikitsa bungwe lenileni, Anti-Mask League, lokhala ndi atsogoleri ndi misonkhano. Taganizani, gulu la anthu kudzazana m'holo imodzi mliri uli mkati, onse akufuula. Amenewo anali anamkungwi pa ntchitoyi.

Ndikuchenjezeni za zimene zimachitika anthu akachita umbombo. M'chaka cha 2020 chomwecho, anthu atavala mamasiki, kutalikirana ndi kutseka malire, fuluwenza anasowa pokwera. Mtundu wina wotchedwa B/Yamagata sunapezekenso chiyambire March 2020, mpaka mu 2023 akatswiri a WHO anati palibenso chifukwa chouikira m'katemera. Banja lathunthu kutha psiti, popanda ndi mmodzi yemwe wokapepesa maliro. Musalole kuti otsalawa aone zomwezo.

Tsono mukadzuka mutu ukuwawa, musagone. Imwani panado kuti thupi lizizire, mupite kuntchito. Abwana amakonda munthu wodzipereka, ndipo sabata yamawa adzakukumbukirani ali pabedi. Mugulenso makapusozi a amoxicillin pa okala. Mankhwalawa amapha mabakiteriya, vairasi wa fuluwenza sadziwana naye n'komwe, choncho katundu wanu sakhudzidwa. Madzulo musajombe kukwaya, makamaka ngati mumaimba besi ndipo mumaima mzere wakumbuyo.

Loweruka kwerani basi mukaone kumudzi. Fuluwenza amakonda kwambiri okalamba, makanda, amayi oyembekezera, ndi amene akulimbana kale ndi shuga, mphumu kapena HIV, ndipo kumudzi onsewa mukawapeza pakhomo limodzi. Khanda mulinyamule, mulipsompsone. Kenako lowani m'kanyumba ka agogo, mutseke chitseko kuti asazizidwe. Akakuyang'anani n'kufunsa kuti, "Mdzukulu wanga, maso afiirawo, wadwala kodi?" inu muyankhe kuti, "Ayi agogo, ndi fumbi la mumsewu." Agogo samva bwino. Senderani pafupi, mubwereze.