Fodya wa Pamphuno Anapita ku California

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amene anapeka mwambiwu ankadziwa zimene ankanena. Munthu watsina fodya wake wofwenkha, wakweza chala, ndiye kubwere kamphepo ka mu Juni: wotsala naye ndi yekhayo amene wafika kale m'mphuno. Zinali zomveka masiku amenewo, chifukwa fodya, chala ndi mphuno zonse zinali za munthu mmodzi. Lero zinasokonekera. Mphuno ndi yanu, chala n'cha bwana wa mu ofesi, fodya ngwa kampani, ndipo mphepo imaomba pa tsiku limene komiti yagwirizana.

Wotsutsa akafunse anthu a mumzinda wa Atlanta, ku Georgia m'dziko la America, zimene zinawaonekera pa 12 Novembala 2015. Tsiku limenelo timu yawo ya baseball, Atlanta Braves, inatenga mnyamata wa zaka 26 dzina lake Andrelton Simmons n'kumupereka ku Los Angeles Angels ya ku California. Sanalakwe kanthu. Sanapemphe kuchoka. Ku baseball osewera amasinthanitsidwa basi, ndipo ambiri safunsidwa n'komwe: foni imangolira, uyambe kulongedza.

Kuti maliro amenewa amveke, tiyenera kuyamba tadziwa ntchito ya mnyamatayo. Mu baseball, wina amaponya kampira kolimba, wina amakamenya ndi chibonga n'kuliyatsa liwiro kuzungulira malo anayi otchedwa base. Kuchoka pa base ina kufika pa inzake ndi mamita 27, ndipo waliwiro amatha kamtundaka m'masekondi anayi okha. A timu inayo ntchito yawo n'kutola mpirawo, kuuponya ku base yoyamba wothamangayo asanapondepo. Pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu pamaima munthu wotchedwa shortstop. Mipira yambiri yokwawa pansi imadzera pamenepo, ina ikudumphadumpha ngati yamva moto, ndipo iye ayenera kuitsekereza, kudzuka, kutembenuka n'kuponya molunjika, zonsezi m'masekondi anayi aja.

Simmons anabadwira pa kachilumba ka Curaçao, kufupi ndi Venezuela, mu 1989. Ali pa koleji ina yaing'ono ku Oklahoma ankaponyanso mpira, moti ena ankamufuna chifukwa cha mkono wake wokha. Braves inamutenga mu 2010, n'kumulowetsa mu ligi yaikulu mu Juni 2012. Chaka chotsatira analandira Gold Glove, mphoto ya shortstop wotchinga bwino koposa mu National League, kuwonjezeraponso Platinum Glove, ya katswiri woposa otchinga onse a mu ligiyo. Mu 2014 Gold Glove inabweranso. Masapota ankamutchula kuti Simba. Mpira woti wapita kale, iye ankaupeza kuseri uko, atagwada, thupi litapendekera kwina, mkono n'kuutumiza ku base yoyamba, womenya uja n'kubwerera ku benchi akupukusa mutu.

Vuto la luso lotere n'lakuti zipatso zake ndi zinthu zimene sizinachitike. Mu mpira wamiyendo, goloboyi akagwira mipira khumi yoopsa, pa bolodi pamangolembedwa 0, pomwe womwetsa chigoli chimodzi, ngakhale chogunda pa bondo, dzina lake limamveka pa wailesi sabata yonse. Ndiye Simmons ndi chibonga sankagwirizana kwenikweni. Mu 2013 anatulutsa mpira kunja kwa mpanda maulendo 17, anthu n'kumati tapeza munthu wa zonse. Mu 2014 inali 7. Mu 2015 inali 4. Sapota ankabwera ku bwalo kudzaona golovesi, bwana ankatsala mu ofesi akuwerenga za chibonga.

Komabe panalibe chifukwa choopera. Mu Febuluwale 2014 timuyo inali itamusainitsa mgwirizano wa zaka 7, wa madola 58 miliyoni. Kwa sapota, ameneyo ndiye fodya wolowa m'mphuno mpaka kukhetsa misozi. Anthu anagula majezi a nambala 19, ena kugulira ana, akuluakulu dala kuti mwana azikuliramo. Chimene sanadziwe n'chakuti katswiri wamng'ono womangidwa zaka zambiri pa mtengo wabwino ndi amene amayenda malonda pa msika. Pepala limene iwo ankaliyesa chingwe chomangira Simmons ku Atlanta linali chikwangwani cha mtengo.

Kunena zoona, mphepo inali itayamba kale kuomba. Jason Heyward, mwana wokulira ku Georgia komweko, anapita ku St. Louis mu Novembala 2014. Justin Upton anapita ku San Diego mu Disembala, Evan Gattis ku Houston mu Januwale. Craig Kimbrel, woponya amene ankatseka masewera, anamugulitsa pa 5 Epulo 2015, mawa lake kuli masewera otsegulira ligi. Nthawi iliyonse masapota ankadzitonthoza: aliyense apite, koma Simba sangamukhudze. Mtima wa sapota ndi wotero. Amaona nyumba za anzake onse zikusasuka denga, iye n'kumati yanga yokha mphepo imaidziwa.

Nanga Atlanta inalandira chiyani? Inalandira Erick Aybar, shortstop wa zaka 31 amene mgwirizano wake unali utatsala chaka chimodzi, ndi anyamata awiri oponya mpira, Sean Newcomb ndi Chris Ellis, amene anali asanapondepo mu ligi yaikulu. Anyamata otere amakulira m'matimu ang'onoang'ono amene eni masewerawa amawatcha munda wa timu. Apa mwambi wathu ukuchepa. Akuluakulu ankachenjeza za fodya wa pachala, koma uyu sanali n'komwe pachala. Anali mbande pa nazale, mvula isanagwe.

Munthu amene anachita malondawa anali John Coppolella, manijala wamkulu wa timuyo, ndipo mfundo yake, tisamunamizire, inali ndi mutu. Mu 2015, Simmons ali pompo, Braves inagonja masewera 95 mwa 162. Kugonja kotere sikufuna katswiri, timu ikhoza kukwanitsa yokha. Ndiye bwanji osasinthanitsa chuma chimodzi cha lero ndi chuma chambiri cha mawa? Masapota ena, aja oyenda ndi manambala m'mutu, anavomereza. Iwowa amayamba okha kulira, kenaka n'kupukuta misozi, n'kuyamba kufotokozera anzawo kuti kulira n'kusadziwa masamu.

Ine ndili ku mbali ya olira aja, ndipo chifukwa changa n'chosavuta. Timu ikamagonja masiku ambiri, munthu amene walipira tikiti, wakhala maola atatu pa dzuwa la ku Georgia, amafuna kanthu kamodzi kokakamba kunyumba. Simmons anali kanthu kameneko. Tagonja 7 kwa 2, inde, koma mwaona zimene wachita Simba? Kumuchotsa kunali kuuza anthu kuti muzigonjabe monga kale, koma tsopano muzigonja mopanda chokoma. Ndiponso tiyeni tinene chilungamo pa chikondi chimene mabwana ali nacho pa mbande. Fodya wokhwima amapita ku okushoni, aliyense n'kuona mtengo wake. Mbande siyesedwa pa sikelo. Bwana amene wadzaza nazale amakhala ndi zaka zitatu kapena zinayi zoti aliyense womufunsa azimuyankha kuti dikirani muone. Palibe katundu wotchinjiriza mpando wa bwana kuposa chiyembekezo.

Masapota atakwiya anayamba kunong'onezana kuti wotsatira ndi Freddie Freeman, katswiri yekhayo amene anatsala. Coppolella anauza mtolankhani kuti angalole kutaya mkono wake wamanja kusiyana ndi kugulitsa Freeman. Anthu anapumako, ngakhale ena anayamba kumuwerenga mikono m'mawa uliwonse.

Chaka cha 2016 chinabwera ngati chofuna kuseka anthu. Aybar anayamba moipa, chibonga chili zii, ndipo golovesi yake inkangokumbutsa anthu za amene anapita. Mu Meyi analephera kusewera tsiku lina chifukwa fupa la nkhuku linamukakamira pakhosi, mpaka dokotala ndiye anachita kulichotsa. Si nkhani yoseka munthu, koma taganizirani sapota amene wavala jezi ya nambala 19, akumva kuti wolowa m'malo mwa Simba wagonja kwa nkhuku yophikaphika. Pofika Ogasiti, Aybar anali atatumizidwa ku Detroit. Ellis anamupititsa ku St. Louis asanaponyereko Atlanta ngakhale mpira umodzi wa mu ligi yaikulu. Newcomb yekha ndiye anaonetsa maluwa. Pa 29 Julayi 2018 anatsekereza Los Angeles Dodgers masewera onse popanda aliyense womenya mpira wopulumukira, mpaka kutsala munthu mmodzi yekha. Munthu mmodziyo, Chris Taylor, anaumenya. Fodya anafika pa mlomo wa m'mwamba penipeni, mphepo n'kudutsa.

Uku ku California, Simmons anatenga Gold Glove mu 2017, n'kutenganso mu 2018. Chopweteka kwambiri n'chakuti chibonga chija chinadzukanso, moti anayamba kumenya bwino kuposa mmene ankachitira ku Atlanta. Anthu a ku Georgia ankagona mochedwa, chifukwa masewera a ku California amayamba kwawoko nthawi ili cha m'ma 10 koloko usiku, n'kumaonerera wokondedwa wawo akusangalatsa eni ake atsopano.

Akanafunsa a ku San Diego akanawauza kuti matendawa ndi akale. Kumayambiriro kwa 1982 San Diego Padres inamaliza malonda opereka Ozzie Smith, shortstop wa golovesi yamatsenga koma wofooka pa chibonga, ku St. Louis Cardinals, n'kulandira Garry Templeton amene ankamenya bwino. Chaka chomwecho Cardinals inatenga chikho cha World Series. Smith anasonkhanitsa ma Gold Glove 13 motsatizana, ankalowa m'bwalo akudumpha n'kutembenuzika m'mwamba, ndipo mu 2002 analowetsedwa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a masewerawa, atavala chipewa cha St. Louis. Templeton sanali woipa ayi, anathandiza Padres kufika mu World Series ya 1984. Koma ku San Diego nkhaniyi ukaiyamba, anthu amasintha nkhani.

Tsopano apa ndi pamene mwambi umayamba kutsokomola. Fodya wa pamphuno uja, kumene anapitako sanapindulitse mwini wake watsopano. Zaka zisanu zimene Simmons anakhala ku Angels, timuyo sinalowe ngakhale kamodzi m'ndime ya chipulula, chonsecho inali ndi katswiri Mike Trout, ndipo kuyambira 2018 inalinso ndi katswiri wina, Shohei Ohtani. Pomwe Atlanta, yodalira mphepo ija, pa 2 Novembala 2021 inagonjetsa Houston Astros n'kutenga World Series, koyamba chichokereni 1995. Mpira womaliza unakwawa kupita kwa shortstop, pamalo pa Simba penipeni. Anautola ndi Dansby Swanson, n'kuponyera Freeman. Anthu amene analumbira mu 2015 kuti sadzapondanso ku bwalo anali m'misewu akuvina. Mwina lumbiro lawo sanaliphwanye, chifukwa bwalo limene analumbiriralo, Turner Field, timu inali italisiya kumapeto kwa 2016 n'kusamukira ku Cobb County, kunja kwa mzinda. Ngakhale mphuno imene, eni ake anaisamutsa.

Anzathu a manambala aja amakonda kuloza chikho chimenechi n'kumati mwaona, tinanena. Ayi, abale anga, tisasakanize mabelo. Swanson sanabwere chifukwa cha Simmons. Anachokera ku Arizona mu Disembala 2015 pa malonda ena, osinthanitsa ndi Shelby Miller, amenenso anabwera posinthana ndi Heyward. Malonda amenewo anali anzeru, ndipo tiwayamike. A Simmons aja anali oluza, ndipo chikho sichiwasandutsa opindula. Chimene chikho chimachita n'kuiwalitsa, ndipo mabwana amadziwa kuti sapota ndi munthu wokwiya msanga, woiwalanso msanga, amene chaka chamawa adzagula jezi ina.

Ndipo anagula. Ambiri anagula ya Freeman, amene mu Marichi 2022 anasaina ku Dodgers. Palibe amene anamugulitsa, mkono wa munthu sunaduke, anangopita yekha mgwirizano utatha. Ena anagula ya Swanson, mwana wa ku Georgia, amene mu Disembala chaka chomwecho anasaina zaka 7 za madola 177 miliyoni ku Chicago Cubs. Chaka chimenecho n'chodabwitsa: Simmons anali atasaina ku Cubs mu Marichi, Newcomb anatumizidwa ku Cubs mu Epulo. Wogulitsidwa, wogulidwa ndi wolowa m'malo, onse anakafika ku Chicago, mzinda umene eni ake a ku America amautcha wa mphepo. Akuluakulu athu sanafikeko ku Chicago, koma adiresi ankaidziwa.

Nanga bwana wa nazale uja? Chikho cha 2021 anachionera patali. Mu Novembala 2017 akuluakulu a Major League Baseball anamuletsa kugwiranso ntchito m'masewerawa, chifukwa timu yake inaphwanya malamulo a kasainidwe ka anyamata ochokera kunja kwa America, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 2023. Braves inalandidwa anyamata oposa khumi a m'munda mwake. Wotchuka kwambiri mwa iwo anali Kevin Maitan wa ku Venezuela, shortstop amene timuyo inamulipira madola oposa 4 miliyoni ali ndi zaka 16. Patangopita masabata ochepa, Maitan anasaina ku Los Angeles Angels, ndipo ulendo uno Atlanta sinalandire ngakhale mbande imodzi.