Ndinatseka timabowo ta mpweya khanda lili m'nyumba

Chakum'mawa kwa tawuni ya Johannesburg kuli dera lotchedwa Maboneng. Kale kunali mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu, koma kuchokera cha m'ma 2009, pomwe malo a Arts on Main anatsegulidwa, nyumbazi anayamba kuzikonza kuti muzigona anthu. Amazitcha loft. Chimakhala chipinda chimodzi chachikulu chopanda makoma ogawa, denga lili kutali, pansi pali simenti yokhayokha, njerwa zili pamtunda zosapaka pulasitala. Bedi limakhala pakansanja kokwera ndi masitepe. Kakhalidwe kameneka kanatchuka ku SoHo, mumzinda wa New York, m'zaka za m'ma 1960, pamene akatswiri ojambula ankalowa m'mafakitale osiyidwa chifukwa lendi inali yotsika komanso dzuwa linkalowa bwino. Ine ndi mkazi wanga tinapeza nyumba yotere mu Novembala, kunja kukutentha, ndipo tinaikonda.

Nkhawa inabwera titamva kuti apongozi anga akwera basi kuchokera ku Ntcheu kudzasamala chikuta, poti mayi wa kunyumba amayembekezeka kuchira mu Juni. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake amapatsana ulemu wapatali. Sadyera mbale imodzi, ndipo apongozi sayandikira pogona pa mwana wawo ndi mwamuna wake. Nanga m'nyumba yopanda khoma, momwe woima pakhomo amaona mpaka pabedi, ulemuwo tikanausunga bwanji? Usiku sindinkagona nayo nkhaniyi. Ndinkafuna kuti mayiwa akadzalowa adzamve kuti afika pakhomo pa mwana wawo, asadzaone ngati tawasungira m'shedi ya fodya.

Ndinagula mapulanga a plywood n'kuwamangira kachipinda pakona. Mapulangawo anatchinga windo limodzi lalikulu, theka la nyumba n'kuchita mdima masanasana. Pofuna kuwalitsa, ndinapaka penti yoyera pakhoma la njerwa. Njerwa yosapaka pulasitala imamwa penti ngati ili ndi ludzu, ndipo khomalo linatuluka mawangamawanga. Ndinali ndisanawerenge bwino pangano la lendi, lomwe linkaletsa kupenta njerwazo, moti ndalama ya dipoziti inathera pomwepo. Kenaka ndinapachika babu limodzi loyera kwambiri pakati pa denga. Nyumba inawala, koma kuwala kwake kunali kozizira, ndipo ukalankhula mawu ankabwerera kuchokera kumakoma.

Zonsezi zinali zotaya ndalama chabe. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi cha kuzizira.

Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka kufika pafupi ndi madigiri 0. Mpweya wotentha umathawira kudenga, simenti ya pansi imakhala ngati madzi oundana, mawindo a galasi limodzi m'mafelemu achitsulo amangotaya kutentha konse. Hita ya magetsi inkamaliza mayunitsi ife tikunjenjemerabe. Mwana atabadwa, apongozi anga ankamufunda mabulangete mpaka kungotsala kamphuno. Ndinagula hita ya gasi, ija ya silinda ya makilogalamu 9. Nditamva kamphepo kakulowera m'timabowo ta m'khoma, ndinatitseka tonse ndi manyuzipepala, m'mbali mwa mawindo n'kumata tepi. Mumtima ndinkati ndikuteteza mwana wanga.

Chizindikiro chinalipo, ine osachizindikira. M'mawa uliwonse mawindo ankachucha madzi, nkhungu yakuda n'kuyamba kumera kuseri kwa mapulanga aja. Gasi akamayaka amatulutsa nthunzi yambiri: silinda imodzi yotere imasiya madzi okwana malita pafupifupi 14 mumpweya wa m'nyumba. Ngati nthunziyo inkasowa potulukira, ndiye kuti utsi wosaoneka wa hitayo unkasowanso potulukira.

Usiku wina kunazizira kwambiri ndipo ndinaisiya hita ikuyaka, ife n'kukwera kukagona. Apongozi anadzuka pakati pa usiku mutu ukuwawanda. Anaitana mwana wawo, sanayankhe. Anaitananso, zii. Mayi amene sanayang'anepo n'komwe kumene kunali bedi lathu anakwera masitepewo, n'kundigwedeza paphewa ndi dzanja lawo.

“Bambo, tadzukani! Mpweya wa muno si wabwino. Tsegulani mawindo, mutenge mwanayu.”

Ndinadzuka mutu ukulemera, miyendo ili lendelende. Mkazi wanga anasanza atangokhala tsonga. Ndinang'amba tepi ija, kukankha mawindo, kuzimitsa hita, tonse n'kutulukira m'khonde, khanda lili m'manja mwa agogo ake. Mnzathu wa khomo loyandikana anatithamangitsira kuchipatala pa galimoto yake. Kumeneko anatiika pa okosijeni, ndipo namwino anandifotokozera modekha za mpweya wa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Umapangika moto ukamayaka pamalo posowa mpweya wabwino, ndipo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Ndi womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Za mbaulazo ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, koma poti hita inali yogula m'sitolo, ndinaiyesa yopanda choopsa. Tonse tinatuluka amoyo, mwana alibe vuto.

Apongozi sanandidzudzule. Titabwerera anangouza mwana wawo kuti, “Awuzeni bambo achotse matabwawa, tione dzuwa.” Nyumbayo anaikonza ndi iwo, ndipo ndalama zimene zinapita sizinafike ngakhale theka la zomwe ndinawononga ine. Tinamanga waya kuchokera khoma ili kufika linalo n'kupachika makatani ochindikala, zitenje atazisokerera pamwamba pake. Usiku ankatseka, masana ankatsegula, ulemu n'kusungika popanda kutchinga kuwala. Makatani ena aatali tinawaika m'mawindo, ndipo anachepetsa kuzizira ndi phokoso lomwe. Mipando, yomwe ine ndinaindandalika m'mbali mwa makoma, iwo anaikokera pamodzi pakapeti yaikulu, moyang'anizana. Babu la kudenga tinalisiya, tinagula nyale zoimika pansi za kuwala kofiirira, zija zolembedwa 2700K. Shelefu ya mabuku inakhala malire a khitchini. Ndinaona kuti chipinda chachikulu sichifuna kudulidwadulidwa, chimafuna malo amodzi otsika, ofewa ndi ofunda, oti anthu azisonkhanapo. Anzathu a kumudzi akabwera Lamlungu ankakhala pakapetipo mpaka mdima, osafuna kunyamuka.

Abale anga amene muli ku Joni, ku Cape Town, ngakhale ku Manchester komwe mafakitale akale a thonje anasandukanso nyumba zogona: kongoletsani mmene mungathere, koma timabowo ta mpweya musatitseke. Hita ya gasi kapena ya palafini isayake inu mutagona, ndipo ikamayaka windo limodzi likhale lotsegula pang'ono. Gulani ka alamu kochenjeza za carbon monoxide, mukaike pafupi ndi pogona ana.