Mzere wanga wokha ndiwo wagona

Ine ndine munthu wa kope. Kuyambira 2021, mtengo uliwonse wondiboola thumba pamsika wa Migowi ndimaulemba: feteleza, shuga, sopo, mafuta ophikira. Tsamba lomaliza ndi la ndalama zimene ndimapeza ndikagulitsa nandolo. Kuno kutsinde kwa Michesi anthu amanditcha akauntanti, ngakhale ngongole ya kubanki mkhonde ndimabweza mochita kundilondola.

Mwana wa mlongo wanga wophunzira ku MUST, kuja ku Thyolo, atabwera kuholide ndi laputopu, analiona kopelo.

"Malume, zonsezi tiziike pa girafu imodzi."

Ndinathamangira rula ndi pensulo. Mwanayo anaseka mpaka kutsokomola. Akuti masiku ano amagwiritsa ntchito Python ndi Matplotlib. Umalemba mndandanda wa zinthu zako, kenaka lamulo limodzi loyamba ndi for: pa chinthu chilichonse jambula mzere, uupatse dzina. Imeneyo ndiye loop. Kompyuta imabwereza yokha mpaka mndandanda utatha, mzere uliwonse n'kuupaka mtundu wake. Zonse anaziyambitsa pa 100 kuti mpikisano ukhale wachilungamo, kenaka anadina batani.

Feteleza anatuluka wabuluu, shuga waolenji, sopo wobiriwira, mafuta ofiira. Pa Meyi 2022, pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti, inayi yonseyo inadzuka. Pa Novembala 2023, itagwanso ndi 44 peresenti, inayamba kukwera ngati ikupita pansonga pa Michesi. Pansi penipeni panali kamzere kapepo, kali chigonere.

"Aka n'kachiyani, kalakwika?"

"Ndinuyo, malume."

Ndinalamula kuti andichotse pagulu la anthu amwano amenewa. Iye anangokankhira lamulo loonetsa girafu la plt.show() m'kati mwa loop ndi mipata inayi, magirafu n'kutuluka asanu, aliyense payekha. Abale, mukanaona! Mzere wanga uli wokha unaimirira, chifukwa kompyuta imatambasula sikelo kuti kakusintha kakang'ono kadzaze tsamba lonse. Ndinayamba kufunsa mtengo wosindikizira ku Phalombe boma kuti ndikapachike pabalaza, apongozi azidzaona.

Mayi a kunyumba, amene nthawi yonseyi amasankha mpunga pakhonde, anayandikira ndi lichero lawo.

"Abwezere pamodzi. Kumsika sapitako okha, amakumana ndi sopo."

Lamulo lija linabwerera kunja kwa loop, ine n'kugonanso pansi.

"Nanga kuonjezera mzere wina n'kovuta?" anafunsa mayiwo.

"Ayi, azakhali. Kungoonjezera dzina limodzi pamndandanda."

"Lemba ndalama zimene malume akowa amasiya kubawo Loweruka. Manambala ndili nawo m'mutu."

Apo ndinakumbutsa onse, monga mutu wa banja, kuti kutchajitsa laputopu n'kodula ndipo batire liyenera kusungidwira maphunziro. Mwini laputopuyo anati lili pa 80 peresenti. Mwana ameneyu fizi yake ndinasonkhako ine.