Sunga Khosi, Bwana Adikire

Akuluakulu adati sunga khosi, mkanda uoneka. Ankalangiza achinyamata opupuluma kuti zokoma zimapeza munthu amene wadzisamala. Lero mwambiwu uyenera kupachikidwa m'maofesi, pamwamba pa makina a fotokope, chifukwa kumeneko kwabadwa mtundu wa anthu amene adautembenuza: mkanda akuufuna lero lomwe, za khosi tidzaona.

Mumawadziwa anthuwa. Amafika mlonda wa usiku asanaweruke, amachoka wokolopa atatseka kale mawindo. Pamaliro a azakhali awo mumawapeza kuseri kwa tenti, dzanja pakamwa, akunong'ona kuti, "Lipotilo nditumiza madzulo ano, bwana." Masiku a tchuthi adaunjikana, koma kuwatenga akuti ndi kusakonda ntchito. Mkanda wawo ndi kukwezedwa, galimoto ya kampani, kapena kungomva abwana akunena pagulu kuti popanda iwo ofesi singayende.

Tsoka lake, thupi silidapite kusukulu ndipo silidziwa kuti imelo siluma. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kotchedwa adrenal gland. Ubongo ukangomva zoopsa umatumiza mthenga, tiziwaloti n'kutulutsa adrenaline ndi cortisol. Adrenaline amathamangitsa mtima. Cortisol amathira shuga m'magazi kuti miyendo ipeze mphamvu, n'kuyamba waimika ntchito zomwe zingadikire, monga kugaya chakudya ndi kulimbana ndi matenda. Dongosololi linkapulumutsa agogo athu akakumana ndi njati kudambo: liwiro, kukwera mumtengo, njati ikapita mtima n'kukhala pansi. Koma njati ya masiku ano imalowera pa WhatsApp, 10 koloko usiku, ndi funso laulemu lakuti, "Mwagona kale?" Thupi lonse limakonzekera liwiro, mwini wake ali chigonere pabedi, akulemba kuti, "Ayi bwana, ndili maso."

Cortisol sikuti ndi mfiti ayi. Ali ndi ndondomeko yake. Amachuluka m'mawa, pakangotha mphindi pafupifupi 30 munthu atadzuka, kuti tichoke m'bulangete, kenako amatsika pang'onopang'ono mpaka pakati pa usiku kuti tulo tibwere. Munthu amene amagona ndi ntchito m'mutu amamukaniza kuweruka. Zikapitirira miyezi ndi zaka, BP imakwera, shuga amasokonekera, chimfine sichichoka pakhomo, ndipo mafuta amasonkhana pamimba. Anzake amaiona mimbayo n'kumati, "Zikukuyenderanitu, achimwene!" Nayo minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imauma gwa, moti mkanda utabweradi, mwini wake sangathe n'kutembenuka komwe kuti tiuone.

Katswiri wina wogwira ntchito ku Germany, Johannes Siegrist, adafotokoza mu 1996 kuti chimadwalitsa kwambiri ndi kukhetsa thukuta lambiri pomwe malipiro, ulemu ndi chitetezo cha ntchito zili zochepa. Adatinso pali anthu ena amene amadziunjikira okha katundu, osatha kukana kapena kuiwala ntchito akafika kunyumba. Mu 2004, kafukufuku wa pakati pa ogwira ntchito m'boma ku London adapeza kuti amuna a khalidwe limeneli anali ndi cortisol wochuluka ndiponso BP yokwererapo kuposa anzawo. Ndiye mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO adalengeza kuti mu 2016 anthu 745,000 adamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Lamulo la ntchito la ku Malawi limati maola a masiku onse asapitirire 48 pa sabata, koma foni siidawerengepo lamulolo.

Alesi musayambe kuombera m'manja. Mwambiwu sudanene kuti goneka khosi pamkeka tsiku lonse. Ndiponso tisaseke mayi amene akugwira ntchito ziwiri chifukwa malipiro amatha mwezi usanafike pakati. Ameneyo akufuna ufa, za mkanda alibe nazo ntchito. Tikunena za inu amene mumadziitanira nokha ntchito ya anthu atatu, kenako pakutha pa chaka n'kulandira satifiketi ya mufelemu ndi kapu yolembedwa dzina la kampani, yomwera mapiritsi.

Ku Japan imfa yobwera ndi ntchito adaipatsa dzina, karoshi, ndipo mu 2014 adakhazikitsa lamulo lolimbana nayo. Ku France, kuyambira 2017, makampani akuluakulu amayenera kukambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga akaweruka. Ife podikira aphungu athu, tiyeni tiyambe ndi kabatani kali m'mbali mwa foni. Kadineni mukamadya nsima ya madzulo. Palibe lipoti limene lidatengeredwapo kuchipatala chifukwa chogona usiku umodzi osatumizidwa.